Atate Anakwirira Dzenje Lawo ku Bwana Mkubwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinagulula mnzanga wa m'kalasi dzino. Dzina lake linali Chanda, ndipo tonse tinali mu giredi sikisi pa sukulu ina ya ku Bulangililo, kuno ku Kitwe. Ndinene mosabisa, pa nkhonya ija sindinapepesepo mpaka lero. Mnyamata uja anandizunza chaka chathunthu. Ndikangolowa pageti iye ankafuula m'Chibemba kuti, "Umwana wa ndoshi aisa!", ndiko kuti mwana wa mfiti wafika, ndipo anzake ankatseka mphuno ngati kwadutsa lole ya zinyalala.

Ufiti wake unali uwu. Atate anga, a Sakala, ankagwira ntchito ku myuziyamu ku Ndola, nyumba yosungiramo zinthu zakale. Iwo anali ofukula zakale. Ankakumba pansi kufunafuna zimene anthu amakedzana anasiya, monga mapale, mikanda, ndi ng'anjo zimene ankasungunuliramo mkuwa azungu asanabwere ndi migodi yawo. Ntchitoyi anachita kuipitira ku yunivesite, osati masewera. Koma tsiku lina chithunzi chawo chinatuluka m'nyuzipepala atanyamula chigaza cha munthu, akuchiyang'ana mwachifundo ngati mayi woyang'ana khanda, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mu komboni yathu pafupifupi bambo aliyense ankalowa pansi, koma enawo ankatuluka ndi mkuwa, anga ankatuluka ndi mafupa. Ndani akanamvetsa?

Amayi anga, a Agnesi, anali atamwalira ndili ndi zaka khumi. Anayamba ndi chifuwa, kenako miyendo inatupa, kenako tinawaika. Ife ndife Achewa a ku Katete, ndipo kwathu mwana si wa bambo. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume. Maliro atangotha, amalume a Gerevazio, mlongo wa amayi, anafuna kupita nane kumudzi. Atate anawapempha kuti ndiyambe ndamaliza pulayimale, ndipo anandisiya kwa azakhali a Tereza, mlongo wawo wa atatewo, ku Bulangililo. Iwo anapeza kachipinda ku Ndola pafupi ndi ntchito.

Ku Katete ndinali ndisanapondeko. Chinyanja changa chinali chosakaniza ndi Chibemba, moti amalume ankachiseka mpaka misozi. Ku Kitwe ndinali wa kum'mawa, kumudzi ndikanakakhala Mbemba. Ulendo umenewo ndinkauopa kuposa chikoti.

Koma musaganize kuti ku Bulangililo ndinkasangalala. Azakhali anali ndi ana awo ambiri, ndi amuna a mashifiti osafuna phokoso masana. Ine ndinkagona pamphasa m'khitchini. Madzulo ndinkakhala ndekha pa njerwa kuseri kwa nyumba, utsi woyabwa kukhosi uja timautcha senta ukutsika kuchokera kumgodi, ndikuonerera anzanga akumenya chimpombwa, mpira wa mapepala a pulasitiki. Palibe ankandiitana. Atate ankabwera kumapeto kwa mwezi, nsapato zili mbuu ndi fumbi lofiira, n'kukhala pampando manja ali pamawondo.

"Sukulu ili bwanji, Fabiano?"

"Ili bwino."

"Chabwino."

Kucheza kwathu kunkathera pamenepo. Anthu ankawanena iwo akumva pa siteji ya mabasi, iwo n'kungowerama. Ine magazi anga ndi otentha, ndinatengera kuchikazi, ndipo kuwerama kuja ndinkakuona ngati mantha. Ndinkachita nawo manyazi atate anga, komanso ndinkawasowa, zonse ziwiri pamodzi, ndipo mwana sadziwa kumasula zinthu zotere. Amangomenya mnzake.

Dzino la Chanda litagwa, ahedi anandiimitsa sukulu mpaka teremu ithe. Atate anaitanidwa. Azakhali sanadikire n'komwe kuti akhale pansi.

"Alongo, ine ndatopa. Mwana uyu adzandiphera munthu pakhomo pano. Ndatumiza kale mawu kwa amalume ake, abwere adzatenge mbumba yawo."

Ndinayang'ana atate. Ndinkafuna akalipe, kaya andimenye, kaya amenye tebulo, chilichonse chokhala ndi phokoso. Iwo anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Longedza zovala zako," anatero. "Upita nane kuntchito."

Tinakwera basi mpaka ku Ndola, kenako galimoto yakale ya ku myuziyamu inatitula m'tchire kupitirira dera la Bwana Mkubwa. Inali nyengo yotentha, mvula ili pafupi. Mitengo inali itaphuka masamba ofiira, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo kunali ziulu zazitali kuposa nyumba ya azakhali. Pakati pa ziulu ziwiri panali matenti, ndi dzenje lalikulu la makona anayi logawidwa ndi zingwe ngati bwalo la nsolo. Munali amuna awiri a mtundu wa Chilamba, eni dera limenelo, amene atate anawalemba ganyu. Anthu onse anali omwewo.

Ntchito yanga inali yosefa dothi. Amuna aja ankabweretsa ndowa, ine n'kukhuthulira pa sefa wa waya, kugwedeza, n'kutola chilichonse chosakhala mwala. Fumbi linkalowa m'mphuno, m'mano, m'maso. Ndinkatukwana chamumtima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali kuchedwa kwa atate. Munthu wamkulu, wophunzira, atagwada tsiku lonse akupala dothi ndi kampeni kaja amisiri omanga amasalazira simenti, kenako n'kusesa ndi burashi yopentera. Malo amene ine ndikanawakumba ndi khasu tiyi asanazizire, iwo ankatha nawo tsiku.

Tsiku lina ndinaona mlomo wa mphika utatulukira m'khoma la dzenje, uli ndi mizere yokongola. Ndinatambasula dzanja kuti ndiuzule. Atate anandigwira pamkono mwamphamvu moti ndinadabwa kuti zala zoonda zija zili ndi nyonga yotere.

"Sitikoka," anatero.

"Koma ndauona kale, atate."

"Wauona iwe, koma sunaone chimene chili pansi pake, ndi chimene chili pambali pake. Ukauzula, wapeza phale chabe, longa la kudzala kwa azakhali ako. Ukausiya pomwepo n'kuchotsa dothi louzungulira, udzakuuza amene anauumba, chimene ankadya, ndi moto umene unawotcha nyumba yake."

Mawu onsewo pa nthawi imodzi! Sindinawamvepo akulankhula motalika chotere. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti kutchire kuja atate anali munthu wina. Ankatola chibuma chakuda cholemera, zotsalira za mkuwa wosungunuka, n'kundiika m'manja, n'kuyamba kufotokoza mmene anthu ankaumbira ng'anjo pafupi ndi chulu, mmene ankapopera mvukuto wa chikopa mosinthana, mmene akazi ankaletsedwa kuyandikira. Ankatsanzira ngakhale kulira kwa mvukutowo ndi pakamwa, fuu, fuu, masaya atatupa. Ankaseka ndi amuna aja m'Chilamba chothyokathyoka. Atate anga, kuseka! Ine ndinkaima ndi sefa m'manja, kukamwa kuli yasa, ndikudzifunsa kuti munthu uyu ankabisala kuti masiku onsewa.

Kenako tinapeza munthu.

Anayamba kuoneka mafupa a phazi, pambali pa ng'anjo yakugwa. Atate anaimitsa aliyense. Anavula chipewa, ndipo amuna aja anavulanso zawo. Masiku otsatira anagwira okha, pang'onopang'ono, mpaka munthu yense anaonekera. Anagona chammbali atapinda mawondo, ngati mwana wozizidwa. Pamkono pake panali zibangili za mkuwa zitabiriwira ndi ukale, ndipo pafupi ndi mutu panali kamphika kathunthu.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikupeza ng'anjo," atate anatero. "Mwini ng'anjo sindinamupezepo. Uyu ndi woyamba."

Mwina mukuganiza kuti ndinachita mantha. Ayi. Ndinamumvera chisoni. Anali yekhayekha m'tchire muja, abale ake onse atapita, dzina lake litaiwalika, ndipo ine kukhala wekha ndinkakudziwa. Pakati pa zibangili panali dothi lolimba m'timipata ting'onoting'ono. Atate anayesa, zala zawo zinakanika kulowa. Anatembenuka n'kundipatsa burashi yaing'ono.

"Manja ako ndi aang'ono. Tsika. Usafulumire."

Ndinatsika. Ine amene sindinkatha kutsuka kapu osaithyola chogwirira, ndinagwada pamenepo ndikusesa mchenga umodziumodzi, mpweya nditaugwira. Chibangili choyamba chitaonekera chonse, atate anaika dzanja paphewa panga.

"Wachita bwino, Fabi."

Mawu atatu. Ndikanatha kugwada pamenepo mpaka mawondo kutha.

Amalume anatipeza choncho. Anafika ku Kitwe, azakhali anawalozera ku myuziyamu, a ku myuziyamu anawalozera kutchire, ndipo dzuwa lili paliwombo tinamva mawu awo akuchokera m'mitengo. Amalume a Gerevazio anali mlimi wa thonje, munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma, woseka ndi mimba yonse. Pa maliro a amayi analira mokweza ngati mwana, osasamala za amuna anzawo. Kunena zoona ndinkawakonda. Anali mwamuna wa mtundu umene ine ndinkafuna kudzakhala.

"Odi kuno kwa anyani!" anafuula ali patali, thumba la mtedza lili paphewa. "Alamu, kodi boma linasowa ofesi yokupatsani? Ndayenda mpaka nsapato zandikana! Ali kuti Mbemba wanga wogulula anthu mano?"

Anafika m'mphepete mwa dzenje akuseka. Anayang'ana pansi. Anaona mwana wa mlongo wawo atagwada pambali pa mafupa a munthu, dzanja lili pamkono wa wakufayo. Thumba la mtedza linagwa.

"Fabiano, tuluka umo."

Ndinayang'ana atate. Iwo anandigwedezera mutu, ndipo ndinatuluka.

"Alamu, takhalani pansi, mumwe madzi, tikambirane," atate anatero.

"Tikambirane chiyani? Anthu ankandiuza, ine n'kumakutetezani kuti mlamu wanga ndi wophunzira, amangotola mapale. Manje awa ndi mapale? Kwathu adzukulu akachoka kumanda salowa m'nyumba asanasambe mankhwala, mukudziwa bwino lomwe. Inu zaka zonsezi munkachoka m'manda a eni ake, n'kukalowa m'nyumba, n'kudya mbale imodzi ndi mlongo wanga. Chifuwa chija chinachokera kuti? Miyendo ija inatupa ndi chiyani? Munamudula Agnesi, alamu. Lero mwayamba mwana wake."

Amalume sankanena mwachipongwe. Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo. Ankakhulupirira mawu aliwonse amene ankanena, ndipo ichi n'chimene chinkapweteka kwambiri.

"Agnesi anadwala chifuwa chachikulu," atate anatero motsitsa. "Adokotala anakuuzani inu nomwe."

"Adokotala amadziwa dzina la matenda, sadziwa amene anawatsegulira chitseko. Ine sindinabwere kudzatsutsana. Anapiye amatsata thadzi, satsata tambala. Fabiano, katenge zovala zako. Tigona ku Ndola, mawa tikwera ya ku Chipata."

Mumtima ndinkafuula kuti, atate, kalipani! Tengani fosholo iyo! Auzeni kuti mwana ndi wanu! Koma atate ankadziwa zimene ine sindinkazidziwa. Akanakalipa, amalume akanandinyamula paphewa ngati thumba lija, ndipo abale onse, a ku Katete ndi a ku Kitwe omwe, ngakhale azakhali, akanati amalume achita bwino. Atate anatuluka m'dzenje, n'kuima patsogolo pa mlamu wawo manja atawaika kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Ndichite chiyani kuti mundisiyire mwanayu?"

Ndinachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Kupempha! Pamaso pa antchito awo!

Amalume anapukuta nkhope ndi chipewa. Patapita zaka anaulula kwa azakhali kuti anatchula dala chinthu chimene ankadziwa kuti atate sangavomere.

"Mukwirire munthu uyu mmene munamupezera. Musambe mankhwala, inu ndi mwana. Ndipo musadzakumbenso, kaya manda, kaya phale, kaya chiyani. Ntchito iyi muisiye. Mukatero, mwana akhale ndi inu, m'nyumba imodzi, osati kumutaya kwa alongo anu ngati katundu."

Atate anatembenuka n'kuyang'ana m'dzenje. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana kumbuyo kwa khosi lawo, kumene thukuta linkatsika likusiya mizere m'fumbi, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza za basi ya ku Chipata. Ndinali nditaona nkhope yawo tsiku lija anapeza phazi. Ndinkadziwa kuti ine sindinawasangalatsepo chotere.

"Ndipatseni masana ano ndimujambule," anatero osatembenuka. "Mawa m'mawa tikwirira."

Amalume anatola thumba lawo n'kukakhala patsinde pa mtengo patali ndi dzenje. Madzi athu anakana, chakudya chathu anakana, anangodya mtedza wawo wauwisi.

Masana onsewo atate anayeza ndi kujambula fupa lililonse pa pepala lalikulu, ine nditagwira kumapeto kwa tepi. Sanafotokoze kanthu, sanatsanzire mvukuto. Ankangoti, "Kweza. Tsitsa. Pamenepo."

M'mawa ndinaphunzira kuti kukwirira nako kuli ndi kachitidwe kake. Sanangoponya dothi. Anayamba kuyala masaka pamwamba pa mafupa, mofatsa ngati akufunditsa wodwala. Kenako anatituma kumtsinje kukatenga mchenga woyera, n'kuuthira pamwamba pa masakawo.

"Mchengawu ndi wachiyani, atate?"

"Ndi wa amene adzabwere pambuyo panga. Akadzakumba n'kupeza mchenga woyera m'dothi lofiira, adzadziwa kuti apa panafika munthu, ndipo adzachepetsa dzanja."

Mmodzi wa amuna aja anafunsa za zibangili ndi kamphika, ngati sitizitengera ku myuziyamu. Atate anapukusa mutu. "Ndi zake. Sindinamalize kumufunsa, ndiye sindingamulande."

Titayamba kuthira dothi lofiira, ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali amalume, chipewa chili m'manja.

"Maliro saonerera," anatero mokalipa, ngati wina wawatsutsa. "Ndipatseni fosholo."

Anagwira ntchito ya anthu awiri. Dzenje litadzaza anagwada, n'kupempherera munthu wosamudziwa uja pemphero la akufa la ku tchalitchi kwathu, ndipo atate anayankha "Amen."

Kenako kumtsinje. Amalume anali atathyola masamba ndi kukumba mizu m'mamawa, ndipo anazisinja pamwala n'kuziviika m'ndowa yathu yotungira dothi. Atate anavula malaya ndi thalauza, n'kutsala ndi kabudula. Anali oonda, nthiti zikuwerengeka. Anandipatsa magalasi awo kuti ndigwire. Amuna a Chilamba aja anayang'ana kumbali. Amalume anayamba kuwathira madzi obiriwira aja pamutu, akuwapaka masamba kumsana ndi m'manja, ndipo atate anangoima m'madzi ofika m'mawondo, maso ali tsinzi. Apa ndiye mtima wanga unaphulika.

"Atate, bwanji simukukana? Si inu munapha amayi! Ndi bodza!"

Amalume anaima, ndowa ili m'mwamba. Atate anatsegula diso limodzi, madzi akuyenderera pachibwano.

"Ndikudziwa," anatero. "Gwira bwino magalasiwo."

Atatha iwo, anandisambitsa ine. Madziwo ankanunkha ngati mbuzi yonyowa.

Amalume anasunga mawu awo. Anabwerera okha ku Katete, mtedza wotsala anatisiyira. Atate anakapereka mapepala awo ndi mabokosi a mapale ku myuziyamu, n'kutsanzika. Abwana awo anabwera mpaka ku Kitwe kudzawanyengerera, ati palibe wina m'chigawo chonse wodziwa ntchitoyo, ati mwambo wa kumudzi usawononge maphunziro. Atate anawaphikira tiyi, kuwamvetsera mpaka kumaliza, n'kuwaperekeza pa siteji.

Anapeza ntchito yophunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina, ndipo tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri mu komboni ya Kwacha, kuno ku Kitwe. Ana a sukulu anawapatsa dzina loti Ba Zinja, kuchokera ku dzina la chimunthu chamakedzana cha m'buku lawo, ndipo ankawaseka akatembenukira ku bolodi. Ine ndinapeza chimene ndinkafuna. Ndinali ndi bedi, ndinali ndi atate m'nyumba. Koma munthu uja ndinamuona kutchire, wotupitsa masaya, woseka m'Chilamba, sanabwere nafe ku Kwacha. Amene anabwera anali wa "sukulu ili bwanji" yemwe uja. Tinkadya moyang'anizana, wailesi ikulankhula m'malo mwathu.

Mvula ikagwa yambiri, ankatuluka okha kukayenda m'mbali mwa ngalande, kumene madzi adula dothi. Ankaima, kuwerama, kuyang'anitsitsa, manja ali m'matumba. Sankawatulutsa manjawo. Tikapita ku Ndola, msewu wa ku myuziyamu ankaulambalala ngakhale utakhala wachidule. Amalume atamwalira, ine nditamera kale ndevu, ndinawauza kuti tsopano palibe wowaletsa. Anati lonjezo analipereka kwa munthu wamoyo, ndipo kufa kwa munthuyo sikuwamasula iwo. Ndinakalipa, ndithu ndinakalipa, ndinati umenewo ndi uchitsiru. Anandisiya ndikalipe mpaka nditatopa. Mawondo awo nawo anali atatha kale, sakanathanso kugwada tsiku lonse.

Ine sekondale ndinamaliza movutikira, n'kuphunzira kuwotcherera zitsulo, ntchito yoyenera munthu wa mtima ngati wanga, chifukwa chitsulo ukachikalipira sichikusumira. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kukawotcherera mageti pa bwalo lina loimikapo malole kupitirira Bwana Mkubwa. Ndinazindikira mtsinje uja. Chulu chimodzi chinalipo, chinacho anachigumula. Pakati ponse anathira konkire, ndipo pamwamba pake panaima malole onyamula mkuwa, madalaivala akuphika pa mbaula pafupi ndi matayala. Ndinafunsa mlonda ngati pomanga anapezapo kanthu. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Nthawi imeneyo atate anali atapuma ntchito, akudwala, akukhala pampando pakhonde tsiku lonse atafunda bulangete ngakhale kunja kukutentha. Ndikanatha kuwabisira. Koma ine pakamwa panga palibe chitseko.

"Atate, malo aja athirapo konkire. Palibe anabwera pambuyo panu."

Anakhala chete, akuyang'ana minibasi zikudutsa pamsewu. Chete ameneyo anandikwiyitsa monga mwa masiku onse, ndipo ndinafunsa funso limene ndinalisunga kuyambira ndili mwana, ndipo ndinalifunsa mwamwano.

"Kodi munanong'onezapo bondo?"

"Tsiku lililonse," anatero.

Ndinaimirira. Ndinkafuna kumenya mpando. Munthu wa imvi ngati ine, ndinkayembekezera kuti andinamize, anene kuti ayi mwana wanga, sindinaganizeponso za dzenje lija.

"Nanga munachitiranji? Bwenzi mutangondisiya ndipite ku Katete!"

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Khala pansi, ukuopsa nkhuku za eni ake. Munthu uja anali atadikira zaka mazanamazana, ndipo ndinaganiza kuti angathe kudikirabe. Iwe sukanatha. Pa iye ndinalakwitsa. Pa iwe sindinalakwitse."

Ndinakhala pansi.

Anamwalira mvula ya chaka chomwecho. Pa maliro panabwera a ku tchalitchi, aphunzitsi angapo, ndi mkulu wina wokalamba wa ku myuziyamu amene anaima kumbuyo kwa anthu onse, n'kuchoka asanadye. Ine ndikukhalabe m'nyumba ya ku Kwacha, ndekha, ndipo aneba amandidziwa ndi mawu anga. Mtima sunasinthe, ndisakunamizeni.

Chimene chinasintha ndi ichi. Ndinakula ndikuganiza kuti munthu akasankha bwino, chinthucho chimaleka kuwawa, ndipo chikamawawabe ndiye kuti anasankha molakwa. Ndinkaganizanso kuti womenyera mwana wake nkhondo amaoneka ndi mitsempha ya m'khosi. Tsopano ndikudziwa kuti munthu angathe kulira chinthu moyo wake wonse, koma atapatsidwanso tsiku lomwelo n'kuchitayanso. Atate sanandiuzepo kuti amandikonda, ndipo ine sindinawathokozepo. Tinali anthu awiri m'zipinda ziwiri, aliyense ndi chete wake. Koma m'mawa uliwonse wa zaka zonse zija ankadzuka, kumanga tayi, n'kupita kukalemba pa bolodi zinthu zimene manja awo ankalakalaka kuzigwira, kuti ine ndikaweruka kusukulu ndipeze munthu m'nyumba.